Mwana Wanga Anayenda pa Chitsulo cha Kutsogolo kwa Galimoto

Abale anga, nkhani iyi sindinachite kuimva pachitsime ayi, ndinaiona ndi maso angawa, ndipo amayi ena amene tinali nawo tsikulo akadalipo, okalamba ngati ine ndemwe, mukhoza kukawafunsa. Mayina sinditchula, chifukwa ena anatsogola kale ndipo ana awo timakhala nawo benchi limodzi kutchalitchi. Chimene chandikumbutsa ndi magalimoto amene ndikuwaona masiku ano ku Katete, ovekedwa zitsulo zonyezimira kutsogolo, eni ake ati n'zotchingira ng'ombe. Ine chitsulo chotere ndinachidziwa kalekale, nthawi ya Chitaganya, msewu waukulu usanathiridwe phula, ndipo mwana wanga wamkazi anayenda mtunda wautali atakhala kuseri kwake, galimoto ikuthamanga, ife amene tinali m'katimo osadziwa kanthu.

Galimotoyo inali ya alamu anga, mng'ono wawo wa amuna anga. Iwo anagwira ntchito zaka zambiri ku Migodi, ndipo pobwerera kumudzi kwathu, kufupi ndi Sinda, anabwera ndi kalole kotha ndithu, ka bokosi la matabwa kumbuyo. Kutha kunali kutha, koma m'midzi yonse yozungulira galimoto inali yokhayo, ndiye nsawa zopita ku Katete, odwala, maliro, akwati, zonse zinkakwera momwemo. Ine ndi alamu angawo tinkasekana kwambiri, monga mudziwa mmene chilamu chimakhalira kwathu kuno. Iwo ankanditcha mkazi wawo wamkulu, ine ndinkati ndi adalaivala a ngolo yosowa ng'ombe, ndipo mawu enieni pakati pathu anali osowa, chilichonse chinali nthabwala.

Chitsulocho chinabwera chonchi. Tsiku lina alamu anagunda ng'ombe pamsewu, nyali imodzi n'kusweka, rediyeta, pamene pamakhala madzi oziziritsa injini paja, n'kubooka. Galimoto inakhala pansi pa mtengo wa mango nyengo yonse yogula nsawa, kudikira rediyeta ina yochokera ku Fort Jameson, kumene lero timati ku Chipata, alimi akubwereka ngolo iwo akungoyang'ana. Zinawapweteka mtima zedi. Itangodzuka galimotoyo anapita nayo kwa bambo wina ku Katete amene ankakonza mapulawo ndi ngolo, ndipo anawawotcherera mapaipi okhuthala kutsogolo, awiri oimirira, ena opingasa, kuchita ngati chitseko cha khola. Pakati pa mapaipiwo ndi rediyeta panatsala mpata, ndiye alamu anayalapo thabwa loti azimangapo chigubu cha madzi kapena dengu la nkhuku. Munthu ukakhala m'kati sunkaliona thabwalo, chifukwa boneti inali yaitali ndiponso yokwera, unkangoona nsonga za mapaipi basi.

Kunena zoona chinkaoneka bwino, ndipo amuna m'mudzimo ankabwera kudzachigwiragwira ndi kuchigogoda. Koma ine ndinaona kuti kuyendetsa kwa alamu kwasintha. Kale akaona ng'ombe ankaima patali n'kumaliza hutala, koma tsopano ankangochepetsa pang'ono n'kumazikankha ndi chitsulocho, ati ng'ombe za ku Sinda zaphunzira ulemu. Panalinso china: batire ya galimotoyo inali yofooka, ndiye injini ikazima sinkalira yokha, mpaka anthu akankhe. Pachifukwa chimenechi ankaigoneka pamalo otsetsereka pafupi ndi mango uja, m'mawa amuna n'kuikankha kuchokera kumbuyo, ndipo ikangolira alamu sankafuna kuima panjira ngakhale munthu agwade. Taganizani, okankha onse ali kumbuyo, dalaivala ali m'kati, ndani akanapita kukasuzumira kutsogolo?

Tsiku lake linali la m'nyengo yozizira, titakolola kale. Amayi a mpingo wathu tinaitanidwa kumsonkhano ku Katete, wokagona komweko, ndiye aliyense anabwera ndi zofunda zake, kaufa ndi mphika. Kumbuyo malo anachepa, ndipo alamu anatenga mtolo umodzi wa mabulangete n'kuumanga pathabwa lija dzuwa likungotuluka, kenako anapita kukasamba. Ine ndinali woyembekezera, mimba yaikulu ndithu, ndiye amayi anzanga anati ndikhale kutsogolo ndi adalaivala kuti mabampu asandivulaze.

Mwana wanga woyamba, mtsikana, anali ndi zaka ngati zinayi, ndipo m'mawa umenewo analira kwambiri kuti apite nane. Ndinamukaniza, n'kumusiya m'manja mwa mng'ono wanga, amayi ake aang'ono. Patapita kanthawi kulira kunaleka, ine ndinati amunyengerera ndi mbatata. Mng'ono wanga naye ataona kuti mwana sakuoneka pakhomo anati chifundo chandigwira, ndamutenga. Kumudzi mwana ndi wa aliyense, ndipo ubwino wake ndi womwewo, koma kuipa kwake n'kwakuti aliyense amati ali ndi wina. Pamenepo n'kuti mwana atakwera pathabwa lija, pamene ankachitirapo masanje ndi anzake galimoto ikakhala pansi pa mango, wadzipanikiza pakati pa mtolo wa mabulangete ndi mapaipi, wakhala chete kuti asamutsitse.

Amuna anakankha, injini inatsokomola n'kulira, amayi kumbuyo n'kuyamba nyimbo. Inu mukuwadziwa amayi a mpingo akakwera galimoto, amaimba ngati akupita kumwamba tsiku lomwelo. Titangotuluka m'mudzi, bambo wina amene ankafolera nyumba yake anaimirira padenga n'kumakupiza manja onse awiri, kutsala pang'ono kugwa. Alamu anamulizira hutala, amayi kumbuyo anamubayibitsa. Titalowa msewu waukulu, ana a sukulu amene tinakumana nawo anayamba kukuwa ndi kuloza, koma kodi ana a nthawi imeneyo ankalephera kukuwa akaona galimoto? Patsogolo pake munthu wina wa njinga anaitaya njinga yake m'mbali mwa msewu n'kuyamba kutithamangira m'fumbi, amayi kumbuyo n'kumamuonetsa ndi manja kuti mwadzaza, mulibe malo.

Alamu anaseka n'kundiuza kuti lero tatchuka, anthu onse akufuna kuona mkazi wawo wamkulu ali kutsogolo ngati dona. Ine ndinayankha kuti akudabwa kuona ngolo ikuyenda popanda goli. Ndinali phee mumtima, abale, ndikutafuna nsawa zokazinga zimene ndinamanga pakansalu, ndikuyang'ana mapiri a ku Katete akuyandikira. Amati mayi amamva m'thupi mwana wake akakhala pangozi, koma ine sindinamve kalikonse, ndipo sindikunamizani kuti ndinamva. Tsoka silinunkha. Msewu unali wa miyala ndi mabampu osatha, galimoto yonse ikunjenjemera mpaka mano kugundana, mwana wanga ali pathabwa kutsogoloko, manja ake aang'ono atagwira paipi.

Tinafika pamalo pamene msewu umatsikira kudambo, ndipo ng'ombe zambiri zinali kudutsa, zikupita kudibi kukasamba mankhwala a nkhupakupa. Alamu anachepetsa pang'ono monga mwa chizolowezi chawo, analiza hutala, ng'ombe zina n'kupatuka, koma imodzi yaikulu, yofula, inangoima pakati pa msewu n'kumatiyang'ana. Alamu anati imeneyi sinaphunzire, aiphunzitsa lero. Nthawi yomweyo ndinaona mayi wina m'mbali mwa msewu, atasenza mtsuko wa madzi. Mayiyo anayang'ana kutsogolo kwa galimoto yathu, osati kwa ife ayi, koma pansi, kenako anausiya mtsukowo kugwa n'kuphwanyika, manja onse awiri pamutu, n'kuyamba kulira mfuu ya maliro.

Pamenepo ndinadziwa kuti kutsogoloko kuli kanthu. Munthu akhoza kukupiza manja pofuna kukwera, akhoza kukuwa posangalala, koma palibe mkazi amene amaswa mtsuko wake popereka moni. Ndinauza alamu kuti aime. Iwo anaseka, ati mkazi wawo wamkulu akuopa ng'ombe, nanga akaima ndani akankhe, ine ndi mimba yangayo? Ndinanenanso kuti aime, koma pakati pa ine ndi iwo mawu onse anali a nthabwala chikhalire, ndiye akanadziwa bwanji kuti lero sindikuseka? Ndinawagwira dzanja ndi mphamvu zanga zonse n'kukuwa, mpaka zikhadabo zinalowa. Apo m'pamene anaponda buleki, koma pamiyala yotsetsereka galimoto siima pomwepo, inakhwekhwereka mpaka chitsulo chinakagunda ng'ombe ija m'chiuno.

Sikunali kugunda kwamphamvu kwenikweni, amayi kumbuyo anangogwerana, injini n'kuzima. Nyimbo inaduka. Ng'ombe inagwa n'kuyamba kudzikoka kupita kutchire. Kenako kunangoti zii, ndipo m'kachetechete ameneyo ndinamva kamawu kakang'ono kakuitana amama, kosalira n'komwe, kakungoitana ngati mwana amene wadzuka kutulo. Mawu a mwana wako sungawasokoneze ndi a wina. Koma mutu wanga unakana, unati mwana ali kumudzi akudya mbatata, ndipo ndinatsika m'galimotomo pang'onopang'ono ngati munthu wopita kukaona za eni.

Kalanga ine! Ndinamupeza ali pathabwa paja, thupi lonse lofiira ndi fumbi, tsitsi, nsidze, ngakhale m'kamwa, maso okha ndiwo ankaoneka oyera. Mbali imodzi ya chitsulocho inali itapindikira m'kati, ndipo paipi ya m'munsi inapanikiza mwendo wake wakumanzere, pansi pa bondo, kuukanikizira kuchitsulo cha galimoto. Mtolo wa mabulangete ndi umene unamutchinga kumsana, apo ayi rediyeta ikanamuphika, komabe inali itang'aluka ndipo madzi otentha ankadontha pafupi ndi phewa lake. Atandiona anandiuza kuti ndisamukwapule, amangofuna kupita nane. Ndinamuuza kuti palibe amene amukwapule, ndipo ndikudabwa mpaka lero kuti mawu anga anatuluka bwinobwino.

Alamu atazungulira n'kuona, anangokhala pansi m'fumbimo. Amayi anatsika, ena anayamba kulira, koma mayi wina wachikulire amene ankatitsogolera anawaletsa, ati mwana ali moyo, asamulirire maliro akumva. Anaviika chitenje m'madzi a m'dambo n'kuchiika pakati pa phewa la mwana ndi rediyeta. Alamu anadzuka, anayesa kukoka paipi ija ndi manja, amayi n'kuthandiza, koma chitsulo chimene anachipanga kuti chilimbane ndi ng'ombe chikanamvera manja a anthu? Anayesa kuchikanula ndi mtengo, mtengo unathyoka, mwana n'kukuwa koyamba. Mwendo unayamba kutupa ife tikuona, ndipo zala za kuphazi zinayamba kuda.

Mayi wa mtsuko uja ndi amene anati amuna ake ali kudimba pafupi pomwepo ndi ng'ombe ziwiri zapagoli, ndipo tcheni ali nacho. Anathamanga kukawaitana. Anabwera bambo wamtali wolankhula Chinsenga, anayang'ana, n'kunena kuti ayesa, koma tidziwe kuti ng'ombe sizidziwa mawu akuti pang'ono, ndipo tcheni chikapulumuka chitsulo chibwerera ndi mphamvu. Anafunsa kuti mayi wa mwanayu ndani, ndipo nditavomera anati ndinene ndine ngati akoke kapena ayi. Inu mukanati chiyani? Ndinayang'ana zala zakuda zija ndipo ndinati akoke.

Tinaika miyala ikuluikulu kutsogolo kwa mateyala, alamu anamanga tcheni papaipi yopindika ija. Bambo aja anati pasapezeke wokuwa kapena woimba, ndipo chikwapu anachitaya pansi. Ine ndinagwada pamiyala ndi mimba yangayo, ndinalowetsa manja pakati pa mapaipi n'kumugwira mwana m'khwapa. Koma manja ake anali atauma papaipi ya pamwamba, moti ndinachita kutsegula chala chimodzichimodzi, ndikumuuza kuti tafika, asiye tsopano. Ndinkadziwa kuti tcheni chikapulumuka manja anga onse awiri athyokera pomwepo, koma zimenezo sizinandiopse, chimene ndinkaopa chinali kumukoka msanga mwendo usanamasuke.

Bambo aja anaima kutsogolo kwa ng'ombe zawo, akuyenda chafutambuyo, akuzilankhula motsitsa ngati akunyengerera ana. Tcheni chinakungika. Galimoto inasuntha pang'ono n'kutsamira pamiyala ija, chitsulo n'kuyamba kulira, kulira kwake kosaiwalika, ndipo ndinamva m'manja mwanga thupi la mwana likumasuka. Mayi wachikulire uja, amene anagona pansi kuti aone bwino, anati tsopano. Ndinakoka, tonse awiri n'kugwera chagada m'fumbi, mwana ali pachifuwa panga. Apo m'pamene analira kwenikweni, ndipo sindinamvepo kulira kokoma ngati kumeneko.

Tinamanga mwendo ndi timitengo ndi mpango wanga wa kumutu. Galimoto anaikankha amayi omwewo, ndipo popeza rediyeta inkataya madzi, pamtsinje uliwonse ankatsika ndi miphika yawo ya kumsonkhano kukatunga, alamu n'kumathira injini ili chilirire. Palibe amene anaimbanso. Tinafika kuchipatala cha mishoni ku Katete dzuwa lili pamutu, ndipo anatilandira bwino, anati fupa lathyoka ndipo laphwanyika pang'ono, anamuika chikhakha. Ng'ombe ija ndinamva kuti inaphedwa tsiku lomwelo, ndipo mwini wake atamva za mwana sanafune n'komwe kukamba mlandu.

Ndili naye m'chipatalamo, usiku ndi usana, ndinamufunsa ngati ankaopa panjira paja. Anati poyamba ayi, zinkamusangalatsa kuona msewu ukubwera, ndipo anthu onse ankamubayibitsa, iye n'kumawabayibitsanso ndi dzanja limodzi. Ndi dzanja limodzi, abale, pamabampu aja! Anati analeka ataona kuti fumbi likumulowa m'maso, ndipo ataona ng'ombe ija ikukula anatsinzina. Nditamva zimenezo ndinatuluka panja n'kukasanza kuseri kwa khitchini ya odikirira odwala.

Kumudzi nkhani inagawa anthu. Amuna ambiri ankati chitsulo chija ndi chimene chinapulumutsa mwana, chifukwa popanda icho ng'ombe ikanamugunda mwachindunji, ndipo panjira akanagwa n'kupondedwa. Ine ndinkawafunsa kuti popanda chitsulocho mwana akanakhala pati? Ndipo popanda chitsulocho, kodi alamu akanailunjika ng'ombe ija dala? Amuna anga, pokhala pakati pa mkazi ndi mng'ono wawo, sanaikire kumbuyo mbali iliyonse. Alamu sanatsutsane nane ngakhale kamodzi. Anachimasula okha chitsulocho n'kukachitaya kuseri kwa khola, ndipo kuyambira pamenepo ankandipatsa moni wa ulemu ngati ndine apongozi awo, nthabwala zonse zinatha mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Ndinawakhululukira kalekale, ndipo ndinawauza, koma iwo eni sanadzikhululukire.

Chimene ndimakhulupirira lero n'chakuti chitsulo chotere chimateteza nyali ndi rediyeta, ndipo zimenezo n'zoona, sindikana. Koma munthu sichimuteteza, ndipo choipa kwambiri n'chakuti chimalowa mumtima mwa dalaivala n'kumuuza kuti palibe chifukwa choimira. Alamu anga sanali munthu woipa kapena chidakwa, anali munthu wachifundo amene ankanyamula odwala usiku osadandaula, koma atangoika mapaipi aja phazi lawo linaiwala buleki. Ngati chitsulo chinapindika pogunda ng'ombe galimoto ili pafupi kuima, nanga chikagunda mwana wa sukulu kapena mayi wa njinga pa liwiro la masiku ano chimasiya chiyani?

Ndiye inu a magalimoto, ine sindingakuletseni, galimoto ndi yanu. Koma musanaike chitsulo chimenecho dzifunseni ngati mukuopa ng'ombe kapena mukungofuna kuti muleke kuziopa. Musananyamuke pakhomo pamene pali ana, zungulirani kutsogolo, weramani, muyang'ane ndi maso anu, musati wina waona. Ndipo anthu panjira akamakupiza manja mopitirira, imani mufunse, ngakhale galimoto yanu ikhale yochita kukankha. Mwana wanga anakula, anakwatiwa, lero ali ndi zidzukulu zake, koma mwendo uja unapola uli waufupi. Akamabwera kudzandiona ndimamudziwa asanaodire n'komwe, ndili m'nyumba, chifukwa phazi limodzi limaponda, linalo limakhwekhwereza.